Filimu Inasowa, Kodi Wolakwa Alipo?

Pali filimu ina imene simudzaionera. Si nkhani ya bandulo, kapena kuti netiweki kwanuko ndi yovuta, ayi. Ngakhale mutakhala ndi ndalama zogulira ndege simungaionere, chifukwa kulibe. Dzina lake ndi Kiss Me Again, inatuluka ku America mu 1925, ndipo lero palibe nkhokwe ya mafilimu imene ikudziwika kuti ili nayo. Zotsala ndi zithunzi, mapepala oitanira anthu kukaonera, ndi zimene atolankhani a nthawiyo analemba ataionera. Mukafufuza dzinali pa intaneti mupeza filimu ina ya 1931, koma imeneyo ndi ya nyimbo, nkhani yake ndi ina. Anangofanana maina basi.

Funso limene likundisowetsa mtendere ndi ili: chinthu ngati chimenechi chikasowa, pali amene walakwa? Kapena ndi mmene dziko limayendera, zinthu zimabwera n'kupita, moti kudandaula filimu yoseketsa ya zaka 100 zapitazo ndi kusowa chochita chabe? Ndikufuna tiganizire limodzi, chifukwa yankho lake silikuthera ku Hollywood. Likufika mpaka pa foni imene mukuwerengerayi.

Nkhani yake inali yotani?

Filimuyi inachokera ku sewero la pa siteji. Mu 1880 ku Paris kunatuluka sewero lotchedwa Divorçons, lolembedwa ndi Victorien Sardou ndi Émile de Najac. Dzinalo likutanthauza kuti "tiyeni tisudzulane". Nthawi imeneyo ku France kunalibe lamulo lolola kuthetsa banja. Linachotsedwa mu 1816, ndipo linadzabwereranso mu 1884. Ndiye seweroli linatuluka mkangano uli mkati, ena akuti lamulo libwerere, ena akuti mabanja atha. Olemba awiriwa anatenga nkhani imene anthu ankatukwanirana n'kuisandutsa yoseketsa: mkazi watopa ndi mwamuna wake, ali ndi chibwenzi, akungodikira lamulo lidutse. Mwamunayo m'malo mokalipa akuti chabwino, pita. Mkazi akudabwa: bwanji akundilola msanga chonchi, kapena ali ndi wina?

Patapita zaka 45, kampani ya Warner Bros. inapereka nkhaniyi kwa Ernst Lubitsch, mkulu wa ku Berlin amene anafika ku America kumapeto kwa 1922. Marie Prevost anasewera ngati Loulou, mkazi amene wakopeka ndi woimba piyano dzina lake Maurice. Monte Blue anali Gaston, mwamuna wake. Munalinso Clara Bow, nthawi imeneyo asanatchuke kwenikweni, akusewera ngati Grizette, mtsikana wa mu ofesi ya loya. Gaston akunamizira kuvomera chisudzulo, ndipo Maurice atangoleka kukhala wobisalira n'kukhala mwamuna wa mawa, kukoma kwake konse kukutha. Loulou akuyamba kuchita nsanje ndi mwamuna amene ankafuna kumusiya. Pomaliza akubwererana.

Nkhani yake ndi yaing'ono, mukhoza kuifotokoza minibasi isanadzaze. Chimene chinkaikometsa chinali kafotokozedwe. Lubitsch ankadziwika ndi luso losaonetsa zonse: chitseko chikutsekedwa, kamera ikutsala panja, woonera akumalizitsa yekha m'mutu. Amene analemba za filimuyi amakonda kutchula mathero ake. Maurice ali pa piyano, akuimba ndi mtima wonse kudikira wokondedwa wake, osadziwa kuti banja lagwirizana kale. Kenako Gaston akutulukira atavala zogonera n'kumupempha kuti aimbe chapansipansi. Taganizani, nthabwala ya phokoso mu filimu yopanda mawu. Ine ndimaseka ndikangoiganizira, komatu ndikuseka chinthu chimene sindinachione ndipo sindidzachiona.

Mmene mafilimu amafera

Kiss Me Again sinasowe yokha. Mu 2013, Library of Congress ya ku America inatulutsa kafukufuku wa David Pierce wokhudza mafilimu aatali opanda mawu amene anapangidwa m'dzikolo kuyambira 1912 mpaka 1929. Anawerenga mafilimu 10,919. Mwa amenewa, 14 peresenti yokha ndi imene ilipo yathunthu mmene inatulukira. Ena alipo koma ndi makope otsika kapena ochokera kunja, ena ndi odukaduka. Ndipo 70 peresenti kulibiretu. Ndiye kuti mafilimu oposa 7,000.

Ankafa m'njira zitatu. Yoyamba ndi thupi lake lenilenilo. Mpukutu wa filimu unkapangidwa ndi nitrate, chinthu chimene chimayaka moopsa, ndipo chikayaka madzi sachizimitsa, chifukwa chimatulutsa chokha mpweya wodyetsa motowo. Chikapanda kupsa chimawola pang'onopang'ono, chimayamba kumata, kenako n'kusanduka fumbi lofiirira m'chitini. Pa 9 July 1937, kutatentha kwambiri, nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, inayaka, ndipo mafilimu ambiri opanda mawu a kampaniyo anathera pomwepo. Mu 1965 nkhokwe ina ya MGM inapsanso ku Culver City.

Yachiwiri ndi siliva. Mu mpukutu uliwonse munali siliva pang'ono, ndiye filimu ikatha kuyenda m'maholo, makope ake ankagulitsidwa kwa osungunula. Nkhope za anthu, misozi yawo, kuseka kwawo, zonse zinkayezedwa pa sikelo.

Yachitatu ndi imene inatsegulira njira ziwiri zinazo: anthu anasiya kuzifuna. Mu October 1927, Warner Bros. yomweyo inatulutsa The Jazz Singer, filimu imene munthu ankamveka akuimba ndi kulankhula. Pasanathe zaka zitatu, mafilimu opanda mawu anali ngati ndalama yakale imene boma lasintha. Wailesi ya kanema kunalibe, matepi a vidiyo kunalibe, ndiye panalibe kokagulitsanso filimu yakale. Inangokhala katundu woopsa wodya lendi.

Mwini wake anali ndi ufulu

Apa tisafulumire kuweruza. Tayerekezani kuti ndinu mkulu wa kampani ya mafilimu mu 1932, chuma cha dziko chagwa, mukuchotsa anthu ntchito. Muli ndi chipinda chodzaza zitini zimene zikhoza kuphulika tsiku lililonse n'kupha anthu oyandikana nanu. Palibe akubwera kudzazifunsa. Kusunga kukufuna ndalama, kutaya kukubweretsa ndalama. Katunduyo ndi wanu, munalipira olemba, munalipira osewera, mapepala onse ali m'manja. Mukanatani?

Ine ndikuona kuti ambiri a ife tikanachita zomwezo, ndipo usiku tikanagona tulo tabwinobwino. Pa lamulo panalibe mlandu. Sanabe cha munthu. Ambiri sanachite n'komwe kuganiza kuti tiyeni tiwononge. Anangosiya kuyang'anira, nthawi n'kumaliza yokha.

Koma kusakhala ndi mlandu ku khoti ndi kusalakwa ndi zinthu ziwiri. Pali zinthu zimene pepala limati ndi zako, chonsecho si zako wekha. Munthu akhoza kugula malo amene pali chitsime chimene mudzi wonse wakhala ukumwapo. Pepala likuti akhoza kuchikwirira. Koma aliyense wamtima akudziwa kuti asanatero ayenera kuima kaye n'kufunsa. Filimu ikangoonetsedwa kwa anthu imakhala ngati chitsime chimenecho. Yalowa m'mitu ya anthu, ena anakaonera ali pa chibwenzi, ena anaphunzirirapo ntchito. Umwini wa kampani ndi woona, koma ndi umwini wa mlonda kuposa wa munthu amene wagula mpunga woti adye.

Ndiye pali anthu amene nkhope zawo zinali mu zitinimo. Marie Prevost anabadwira ku Canada mu 1896. Anayamba ndi timafilimu toseketsa ta Mack Sennett, n'kukwera mpaka Lubitsch anamusankha katatu konse. Mayi ake anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1926, banja lake linatha, mowa unamugwira, ndipo mafilimu olankhula atabwera anayamba kupatsidwa timbali ting'onoting'ono. Anamwalira yekha m'chipinda chake ku Hollywood mu January 1937, ali ndi zaka 40. Lero amene amamutchula, ambiri amatchula imfa yakeyo. Ndipo apa ndi pamene pandipweteka. Nkhani ya kugwa kwake yasungidwa bwinobwino, ikungobwerezedwa, pamene imodzi mwa ntchito zimene anaonetsa luso lake lonse inasowa. Munthu akafa sangathe kudziyankhira. Chimene chimamuyankhira ndi ntchito ya manja ake. Ukaitaya, wamusiyira miseche yokha.

Choncho ku funso loti wolakwa alipo, ine ndikuti eya, koma si chigawenga chimodzi chimene tingachiloze. Ndi kulakwa kwa anthu ambiri abwinobwino amene aliyense anachita chanzeru pa desiki yake, ndipo palibe anafunsa kuti kodi izi ndi zathu zokha? Kulakwa kotereku n'koopsa chifukwa sikumveka ngati kulakwa. Kumamveka ngati kukonza m'nyumba.

Koma inali yoseketsa chabe

Mwina wina akuti: aaa, zikanakhala zithunzi za nkhondo kapena za njala tikanamva. Koma nkhani ya mkazi wolemera wa ku Paris amene watopa ndi mwamuna wake? Zisiyeni zipite.

Maganizo amenewa ndimawamva, koma sindigwirizana nawo. Tili ndi chizolowezi choika chisoni pamwamba, kuseka pansi. Tsiku la maliro timalikumbukira, timamanga chiliza, timalemba ndi tsiku lomwe. Koma tsiku limene agogo anaseketsa anthu mpaka wina kutsamwa ndi nsima palibe amalilemba. Zotsatira zake, anthu akale timawadziwa ngati anthu okwinya nkhope, ongovutika ndi kulangiza. Timaiwala kuti ankanyogodolana, ankakopana, ankachita manyazi ngati ife tomwe.

Komanso nthabwala imasunga zimene mabuku a mbiri sasunga. Ukafuna kudziwa chimene anthu ankaopa, funsa chimene ankaseka. Anthu a ku Paris mu 1880 ankaseka za chisudzulo chifukwa chinali pakhomo ndipo sankadziwa kuti chidzawachita chiyani. Anthu a ku America mu 1925 ankasekanso nkhani yomweyo, patangopita zaka 5 akazi m'dziko lonselo atapatsidwa ufulu wovota, atsikana akumeta tsitsi lalifupi, mabanja otha akuchuluka. Holo yodzaza amuna ndi akazi awo, akuseka limodzi nkhani ya mkazi amene akufuna kuchoka. Pamenepo panali zambiri zosanenedwa. Lamulo la chisudzulo tikhoza kuliwerenga lero. Koma mmene Marie Prevost anayang'anira mwamuna wake atamva kuti "pita", kayang'anidwe kamene kanachititsa akazi m'holomo kugwirana m'nthiti, kameneko sikali m'buku lililonse.

Nanga si zonse zimatha?

Mtsutso wamphamvu kwambiri ndi uwu, ndipo ndiupatsa malo ake. Sewero la pa siteji limafa usiku uliwonse. Amene anasewera Divorçons mu 1880 palibe anawajambula, ndipo palibe amati pamenepo panachitika mlandu. Gule akavinidwa, fumbi likakhazikika, watha. Nthabwala ya pa maliro imene inapepuza mitima usiku wonse siibwereranso. Kodi zimenezi n'zopanda phindu chifukwa sizinasungidwe? Ayi ndithu. Munthu amene anaseka mu 1925 anaseka mokwanira. Anatuluka m'holo mtima uli mbee, mwina anakafika kunyumba n'kumuyang'ana mkazi wake mwatsopano. Moto kapena chinyezi sizingabwerere m'mbuyo kukamulanda zimenezo. Chimene chinachitika chinachitika, ndipo ubwino wa chinthu sudalira kutalika kwa moyo wake.

Ndikuvomera zonsezi. Ndipotu zimanditonthoza, chifukwa zambiri zimene ife timachita sizidzakumbukiridwa. Ngati phindu likanakhala la zokhalitsa zokha, ndiye kuti mayi amene amaphika tsiku ndi tsiku, chakudya n'kudyedwa n'kutha, palibe chimene wachita. Bodza limenelo.

Koma pali kusiyana pakati pa chinthu chimene chinabadwa kuti chithe ndi chinthu chimene chikanatha kukhala koma tinachilekerera. Duwa likafota palibe wolakwa. Mbewu ikawolera m'nkhokwe chifukwa denga linkadontha ndipo aliyense ankaona, pamenepo pali funso. Filimu inali mbewu. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya anthu, zinatheka kuti mdzukulu aone agogo a agogo ake akuyenda, akuphethira, akumwetulira. Mbadwo umene unalandira mphatso imeneyi unataya 7 mwa 10 aliwonse.

Ndiye amene analandidwa si anthu a 1925. Iwo anadya gawo lawo. Olandidwa ndi ife, ndi amene akubwera. Ndipo chimene tinalandidwa kwenikweni ndi mwayi woweruza tokha. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa Kiss Me Again tonse tasanduka odalira kandimverere. Olemba a nthawiyo anaitama kwambiri, ena mpaka kuiika m'gulu la ntchito zabwino zedi za Lubitsch. Mwina ankanena zoona. Mwina tikanaionera lero tikanati, aaa, ndi imeneyi? Ufulu wokhumudwa nawonso ndi ufulu. Munthu amene sangathe kuona yekha amangotsala ndi kuvomera.

Mwina mukuti, koma nkhaniyo ilipo, sewero lija linasindikizidwa. Zoona. Ndiponso Lubitsch mwini wake anaijambulanso nkhani yomweyi mu 1941, ya mawu tsopano, n'kuitcha That Uncertain Feeling, muli Merle Oberon, Melvyn Douglas ndi Burgess Meredith. Anaisamutsira ku New York, ndipo sinachite bwino pa msika. Munthu yemweyo, nkhani yomweyo, koma chinthu china. Izi zikungotsimikiza kuti filimu si nkhani yake. Zili ngati ndiwo: mukhoza kulemba zonse zimene amayi ankathira, koma dzanja lawo silikhala papepalapo.

Tisamale, tingakhale ngati Loulou

Tsopano mpeni utembenukire kwa ife odandaulafe. N'chifukwa chiyani filimu yosowa imakoma chonchi m'maganizo? Chifukwa singatikhumudwitse. Ilibe malo otopetsa, ilibe nthabwala yakugwa. Aliyense amaijambula yekha m'mutu mmene akufunira.

Ndi matenda a Loulou enieni. Maurice ankakoma chifukwa anali wosapezeka. Gaston ankatopetsa chifukwa anali pomwepo, m'mawa uliwonse, akumwa tiyi. Zinthu zitatembenuka, mtima unatembenukanso. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo filimuyi inkaseka khalidwe limeneli, kenako n'kudzagwa m'manja mwa khalidwe lomwelo. Ili pa shelefu palibe ankaifuna. Itasowa, akatswiri akuilakalaka.

Ndiye nali yeso losavuta. Chaka chimodzi Kiss Me Again isanatuluke, mu 1924, Lubitsch anapanga The Marriage Circle. Muli Marie Prevost yemweyo, Monte Blue yemweyo, nkhani yake ya mabanja ndi kukopana, yochokeranso ku sewero la pa siteji. Imeneyo ilipo. Lady Windermere's Fan ya 1925 iliponso. Ngati ndikulira Kiss Me Again koma sindinapatulepo ola limodzi ndi theka kuonera The Marriage Circle, ndiye kuti sindikulira filimu. Ndikungokonda kukoma kwa kulira. Chisoni chenicheni pa chimene chinatayika chimaonekera pa mmene ukusamalira chimene chatsala. Pa maliro timaziona: wolira mokweza kuposa onse nthawi zina ndi amene sanapiteko ku chipatala.

Amene anasunga ndani?

Mbali imene imandipatsa chiyembekezo ndi ya mafilimu amene anapezekanso, makamaka malo amene anapezeka. Mu 1978, ku Dawson City, tauni ya kumpoto kwenikweni kwa Canada, anthu akukumba pamalo omanga anapeza mipukutu 533. Tauniyi inali kumathero a ulendo wa mafilimu. Akafika kumeneko eni ake sankafuna kulipira zowabwezera, ndiye mu 1929 anakwiriridwa mu dziwe losambiramo lakale, ndipo nthaka yozizira inawasunga zaka pafupifupi 50. Mu 1981, kope labwino la The Passion of Joan of Arc ya Carl Theodor Dreyer linapezeka m'chipinda cha pa chipatala cha odwala matenda a maganizo kufupi ndi Oslo. Mu 2008, zigawo za Metropolis zimene Germany inkaziyesa zotayika zinapezeka ku Buenos Aires. Mu 2010 kunamveka zoti nkhokwe ya ku New Zealand inali ndi mafilimu a ku America okwana 75, kuphatikizapo Upstream ya John Ford.

Mwaona? Likulu linataya, kumathero a msewu kunasunga. Eni ake olemera analekerera, ndipo zinthu zinapulumukira kwa anthu amene palibe ankawawerengera: woonetsa filimu amene anakana kutaya zitini, wotolera zakale amene anzake ankamuyesa wopenga, wogwira ntchito mu nkhokwe ya dziko laling'ono. Ena anasunga mwangozi, ena mwadala. Koma phunziro lake ndi limodzi. Chinthu chimapulumuka chikakhala m'malo ambiri, m'manja ambiri. Chikakhala ndi mwini mmodzi, pamalo amodzi, chikungodikira tsiku la moto.

N'chifukwa chake mawu oti "inasowa" sakutanthauza kuti nkhani yatheratu. Akutanthauza kuti palibe akudziwa kumene ili. Koma nitrate sadikira munthu, ndipo chaka chilichonse mwayi ukuchepa.

Tsopano foni yanuyo

Ife timadziona ngati mbadwo umene sutaya kanthu. Chilichonse tikujambula. Koma taganizani bwino. Foni ikalemba kuti malo atha, mumayamba kufufuta chiyani? Kawirikawiri mavidiyo aatali ndi ma voice note akale, chifukwa ndi amene amadya malo. Ndipo timasankha ngati mkulu wa kampani uja: chimene sichikugwira ntchito lero chichoke. Vidiyo ya pa chinkhoswe imene azakhali akuvina moseketsa, voice note ya mphindi 6 imene bambo akungofotokoza za mbuzi yosowa, zimenezo ndi zoyamba kupita. Satifiketi ndi malisiti timasunga. Kuseka timafufuta.

Ndipo zimene sitinafufute zili pa memory card imodzi, kapena mu akaunti imene password yake akuidziwa ndi munthu mmodzi, kapena pa seva ya kampani imene tsiku lina ikhoza kuona kuti kusunga zakale kukudya ndalama. Zinachitikapo kale. Mu 2019, MySpace inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kwa zaka zoposa 10. Oimba ambiri amene analibe kope lina anatsala manja lende. Nitrate wa masiku ano sanunkha, sayaka, amangozimiririka mwakachetechete.

Sindikunena kuti tisunge chilichonse. N'zosatheka, ndipo munthu wosataya kanthu nyumba yake imasanduka dzala. Kuiwala nakonso ndi mbali ya moyo, pali zina zoyenera kupita. Ngongole imene tili nayo kwa akale ndi kwa akudza ndi yaing'ono kuposa pamenepo, koma ndi yeniyeni. Ndi yakuti kutaya kukhale chosankha, osati ngozi. Usanafufute, funsa mafunso awiri. Kodi ichi ndi changa ndekha, kapena muli nkhope ndi mawu a wina? Kodi ndikuchitaya chifukwa n'chopanda pake, kapena chifukwa sichikundipindulira lero lokha? Mafunso awiriwa akanafunsidwa mokwanira ku Hollywood, 70 peresenti ija sikanafika pamenepo.

Ndipo ngati yankho likuti chisungidwe, musachisunge nokha. Tumizirani mchemwali wanu, ikani kope lina kwa msuweni wa kutali uja amene simumuimbira kawirikawiri. Mbiri ya mafilimu ikuti kumathero a msewu ndi kumene zinthu zimapulumukira.

Gaston anali ndi mwayi. Ananamizira kutaya mkazi wake, ndipo mkaziyo anabwerera, chifukwa mu nthabwala zinthu zimabwerera. Marie Prevost wa mu Kiss Me Again sanabwerere mpaka lero. Amene akudikira kuti mumuyang'ane ndi wa mu The Marriage Circle. Mukapeza bandulo ya usiku, kamuonereni, mudzandiuze mu ndemanga ngati atolankhani a nthawi ija ankanena zoona za iye.